Tsabola, Galimoto ya Mipando Iwiri

Rodney ndi mwana wa malemu mlongo wanga. Ndinamlera ine ku Kawale kuyambira ali wamamina mpaka kumera ndevu, ndiye ndikamakamba za iye musati ndikumujeda. Ndi wanga yemwe.

Chaka chija anathamangitsa mavenda m'misewu, Rodney ankagwira ntchito ku okushoni ya fodya ku Kanengo, yolemba manambala pa mabelo. Msika wa fodya utatsekedwa anampatsa kabonasi, ndipo kabonasiko kanayamba kumuyabwa m'thumba ngati chitedze. N'kuti atapezanso mbeta, Dyna, mtsikana wophunzira za unamwino, mwana wa a Chirambo a ku Area 25. A Chirambowo kwawo ndi ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale kogula makala amapita atavala tayi. Ife tinali tisanawaonepo, tinkangowamvera. Iwo anatuma mwana wawo kudzatiuza kuti nkhani ya athenga opempha ukwati ndi malowolo isanayambe, akufuna amuone kaye mnyamatayo ndi maso awo, abwere ndi wamkulu mmodzi wa kwawo. Akakhutira, zinthu ziyenda. Akapanda kukhutira, zathera pomwepo.

"Rodney ndimamukonda, anti," anatero Dyna atakhala pamkeka pakhomo panga, tikuswa mtedza. "Koma bambo anga akakana, sindingawadumphe."

Wamkulu wa kwawo uja ndinali ine. Taonani tsoka la mwana.

Mtsikana atapita, Rodney anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kugwedeza mwendo.

"Anti, kwa anthu amene aja sindingakafike pa minibasi. Thalauza litakwinyika, nsapato atandiponda kondakitala, jekete likununkha usipa wa eni. Ndigula galimoto."

"Gula, mwana wanga. Nanenso ndatopa kufungatira nkhuku za anthu osawadziwa."

Anatulutsa chithunzi chong'amba pa kalendala. Kagalimoto kofiira, konyonyomala ngati mphaka wodikira khoswe. Anati mtundu umenewo amati sipotsi.

"Anthu amakhala pati?"

"Mipando ndi iwiri. Ine ndi Dyna."

"Thumba la chimanga?"

"Si ya chimanga iyi, anti. Ndi ya liwiro."

"Ukuthawa ndani?"

Nditamuyang'ana m'maso ndinadziwa kuti matendawa si a dzulo. Ali mwana, anzake akamapanga malole ndi mabasi a mawaya, iye ankapanga timagalimoto tating'ono togwetsa mphuno, n'kumathamanga nato mpaka kumsika akulira ndi pakamwa ngati injini. Ndiye ndinati chabwino, koma pogula ndikhalepo. Zaka zonse ndagulitsa tomato pamsika wa Kawale palibe anandipusitsapo pa mtengo, pomwe Rodney ndi uja akamuuza mtengo amayamba wathokoza.

Vuto linali lakuti maso a Rodney anali a bwana koma thumba linali la mesenjala. Tinayambira ku Old Town, pa mpanda wina pomwe amaimika magalimoto ongofika kumene kuchokera ku Japan, akadali ndi zolemba za choko pagalasi. Panali kamodzi kakuda, kokongola kuposa ka pakalendala. Mwini wake atatchula mtengo, Rodney anatsokomola. Ine ndinafunsa ngati mtengowo ukuphatikiza ndi mpanda womwe. Anatiperekeza mpaka pageti.

Ku Area 23 tinapeza ina yoyera itakhala pa njerwa. Mwini wake anati injini ili kwa mekaniki, mawilo anabwereka alamu ake, koma galimotoyo payokha ndi yabwinobwino. Nditasuzumira mkati ndinapeza thadzi likufungatira mazira pampando wa dalaivala. Ndinafunsa mtengo wa thadzilo. Ku Area 36 inalipo yabuluu, yoyenda ndithu, koma ukangotsegula chitseko inkanunkha dambo, ndipo wogulitsa sanafune kunena kuti inasamba mtsinje uti. Ku Chinsapo anatilozera kwa bambo wina amene anati yake tiione kaye pachithunzi, galimoto yeniyeniyo ikadali panyanja. Ndinamuuza kuti nafenso ndalama timuonetsa pachithunzi. Tinayenda Loweruka ndi Loweruka, mapatapata anga mpaka kubooka chidendene, tsiku lokaonekera likuyandikira.

Mapeto ake tinagwera ku Biwi, kuja kwa magalaja, komwe ukaponya mwala umagenda mekaniki. Kumeneko tinakumana ndi Kasimu, dobadoba wa magalimoto. Yakeyake analibe, koma ankagulitsa za aliyense, makiyi ali m'thumba lililonse. Anayang'ana ine, nayang'ana nsapato za Rodney.

"Bwana, mwabwera ndi amayi? Ndiye mwabwera ndi mwayi. Ilipo imodzi, sindinaonetse munthu. Ndimasungira wodziwa zinthu."

Anatitengera kuseri kwa galaja, pamalo otsetsereka, navundukula lona. Yofiira. Yonyonyomala. Ya mipando iwiri. Rodney anasiya kupuma. Ndinamutsina m'nthiti kuti asaonetse mano, poti pamsika ukamwetulira katundu wakweza mtengo wekha.

Kasimu anachotsa mwala kunsi kwa tayala, nalowa, galimoto n'kuyamba kutsetsereka yokha mwakachetechete. Kenako inadzidzimuka n'kubangula. Agalu onse a ku Biwi anayankha. Anazungulira nayo, nabwera kudzaima pafupi nafe, phazi lake likungopondaponda mafuta osapumira, vuu, vuu, vuu, ife tikuyankhulana ndi manja ngati tili kuchigayo.

Ine za magalimoto sindinaphunzire. Sukulu yeniyeniyo ndinalekezera pomwe amasiya kulemba pamchenga. Koma tambala ndimamudziwa. Pogula tambala sufunsa zaka, umamvera kulira. Ndinanong'oneza Rodney kuti iyi ili moyo, zina zonse tinaona zija zinali za kuchipatala.

Kenako ndinayamba ntchito yanga.

"Bambo Kasimu, yofiira chonchi nyengo ya mvula siitana mphenzi?"

"Mphenzi singaipeze, mayi. Imafika iyo itadutsa kale."

"Nanga yafupikiranji chonchi? Inadwala ili mwana?"

"Ndi mapangidwe ake."

"Mipando ina munagulitsa padera?"

"Imabwera choncho, mayi."

"Ndiye galimoto yake ndi theka, mtengonso ukhale theka. Tiye, Rodney, tikatenge yabuluu ija."

Ndinamanga chitenje n'kuyamba kuyenda. Ndisanafike n'pamsewu pomwe, Kasimu anatithamangira, mtengo atautsitsa mpaka kukwana m'thumba la mesenjala muja. Pa tomato, wogulitsa akatsitsa msanga chotero umatembenuza tomatoyo uone kunsi. Koma Rodney anali atandikumbatira kale akuti anti ndinu akatundu, ndipo munthu akamakutamanda manja sapeza mpata wotembenuza kanthu. Ndinaipatsa dzina pomwepo: Tsabola. Wamng'ono, wofiira. Zoti amatulutsanso misozi sizinandifike m'mutu.

Matenda a Tsabola tinawadziwira kunyumba. Ukangochotsa phazi pamafuta, injini inkazima. Ikazima, batire linalibe mphamvu yoidzutsa mpaka anthu akankhe, n'chifukwa chake Kasimu ankamugoneka potsetsereka. Chitseko cha mbali yanga chinkatsegukira kunja kokha. Mimba yake inali pansi kwambiri moti ankakhula ngakhale chitsononkho. Rodney atabwerera ku Biwi anamuuza kuti Kasimu wapita ku ukwati ku Mangochi. Ukwatiwo sunathe msanga.

"Ndi zazing'ono izi, anti. Mwezi ukatha ndigula batire."

Mafuta Tsabola ankamwa ngati chidakwa cha pa kachasu, moti Rodney analibe ngakhale ya mayunitsi a foni. Koma akadutsa mumsewu wa Kawale anthu ankatuluka m'magolosale kudzaona, ndipo ine pa kiyosiki yotungira madzi ndinauza amayi kuti galimotoyo inabwera pa ndege, itakhala pampando ngati munthu. Mabel, mnansi wanga, anakhulupirira.

Tsiku lokaonekera linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa loswa mtengo, fumbi lofika m'mano. Rodney anavala suti yobwereka kwa mnzake wa kuntchito. Ine chitenje chatsopano ndi duku lake, nsapato zofinya, dengu la nthochi ndi mananazi a kwathu ku Thyolo pamiyendo, poti kumbuyo kwa Tsabola kunkangokwana tayala ndi jeke. Kukhala mumpando wake kunali ngati kukhala m'beseni. Kuyambira m'mawa Dyna ankangofulasha foni ya Rodney, kuimba kamodzi n'kudula, kuimba n'kudula.

"Akuti chiyani?"

"Akuti tifulumire. Ndilibe mayunitsi omuimbira."

"Wapsa nacho chikondi mtsikanayu. Tiye."

Amuna ake a Mabel ndi bambo wogulitsa makala anatikankha mpaka Tsabola anabangula.

Pa tala zinayenda bwino, ndisaname. Maminibasi onse a ku Kanengo tinawapitirira ngati aima, ine ndikubayibitsa makondakitala ndi dzanja limodzi, linalo litagwira duku. Ndinadzimva ngati mkazi wa nduna. Ndinauza Rodney kuti tikafika ayambe watsika iye, azungulire, anditsegulire chitseko ngati mwaulemu, anthu asadziwe kuti n'chakufa.

Titasiya tala n'kukhotera mumsewu wafumbi wa kwa a Chirambo, ndinaona masamba. Nthambi zaziwisi atazigoneka mopingasa msewu. Mwana aliyense amadziwa kuti pamenepo pali maliro. Wapanjinga amatsika n'kukankha, wachipewa amavula, wagalimoto amazimitsa wailesi n'kudutsa monyang'ama. Ndi pamenepo tinamva zomwe foni inkanena m'mawa wonse.

"Bwerera," ndinatero.

Anayang'ana kumbuyo. Lole ya nkhuni za pamaliro inali itatitsekera. Msewu wake wopapatiza, uku ngalande, uku mpanda.

"Ndiye dutsa mwaulemu."

"Anti, ndikachepetsa izima."

"Chepetsa koma isazime."

"Kuti isazime ndiyenera kumaponda."

Tinalowa choncho, Tsabola akuyenda ngati kamba, akulira ngati chigayo. Vuu, vuu. Kutsogolo ndinaona tenti, abambo pamabenchi, amayi a gulu la mpingo la Umanyano atakhala pansi m'mphepete mwa msewu ndi mabulauzi awo oyera mbee ndi maduku oyera, bokosi lili patebulo pabwalo. Bambo wina wamtali wa tayi yakuda anali ataima ndi Baibulo akuwerenga mawu. Mitu yonse inatembenuka. Ndinayesa kumira mumpando koma ndinali kale pansi.

Anthu a m'deralo anaunjika dothi pamsewu kupanga chitunda choletsa magalimoto kuthamanga, ndipo chitundacho chinali pageti penipeni pa siwa. Mawilo akutsogolo anakwera, anatsika, mimba inakhala pamwamba. Tinakakamira. Rodney, mantha atamugwira, anaponda mafuta onse. Mawilo akumbuyo anazungulira akupala dothi, ndipo fumbi lofiira la Area 25 linanyamuka lonse n'kukatera pa amayi a Umanyano.

Bambo wa tayi uja analeka kuwerenga. Sanakalipe. Anangotseka Baibulo chala chili mkati, n'kumadikira.

"Zimitsa, Rodney."

"Ndikazimitsa sidzukanso, anti."

"Ife tafa kale. Zimitsa."

Sanamve, manja atauma pa chiwongolero. Ndinatambasula dzanja n'kupotokola kiyi ndekha. Kunagwa bata loti ndinamva mtima wa Rodney ukugunda. Kenako kutsokomola kwa amayi, mmodzimmodzi. Fumbi litatsika, mabulauzi oyera aja anali atasanduka a katondo.

Rodney anatuluka, n'kungoima chilili ngati mtengo wa magetsi. Zonditsegulira anaiwala. Ine dengu pamiyendo, mawondo pachibwano, ndikukoka chitseko chosamva. Abambo ena anadzuka pamabenchi nazungulira Tsabola. Wina anati, "Tinyamule, bokosi lidutsira pompano." Ndinagogoda galasi kuti muli munthu muno. Mwina sanamve, mwina anamva. Anagwira uku ndi uku n'kutukula. Ndinanyamulidwa ine, mayi wa msinkhu wanga, m'bokosi lofiira, pamaso pa anamfedwa, mwini maliro asananyamulidwe. Anakanditula m'mphepete mwa ngalande. Ndakhala ndikuseketsa anthu moyo wanga wonse, paukwati ndi pamaliro pomwe, koma tsiku limenelo ndinafunafuna nthabwala m'mutu monse osapeza ngakhale yakale.

Amene anatsegula chitseko anali bambo wa tayi uja. Anayamba walandira dengu, naliika pansi, kenako anandipatsa dzanja. Mawondo anga analira ngati nkhuni zouma.

"Pepani, mayi. Mwapweteka?"

"Ayi, bambo. Opepesa ndife."

Anatembenukira kwa Rodney. "Achimwene, masamba aja simunawaone?"

"Ndinawaona, bambo."

"Ndiye?"

"Galimotoyi ikachepetsa imazima."

"Ikanazima bwenzi titakukankhani. Anthu tilipo ambiri pano. Mukupita kwa yani?"

Ndinamuponda Rodney chala, n'kunong'ona kuti nena kuti tasochera, tikufuna njira ya ku Kanengo. Tikanachoka, kudzabweranso tsiku lina pa minibasi ine nditasintha duku, ndani akanatizindikira? Koma kuseri kwa tenti, pagulu la atsikana ogawa madzi, ndinaona Dyna, jagi ili m'manja, ataima ngati chitsa. Rodney nayenso anamuona. Anagwada pafumbi pomwepo ndi suti ya eni.

"Tikupita kwa a Chirambo, bambo. Ndine Rodney. Awa ndi azakhali anga."

Bamboyo anamuyang'ana, nayang'ana Tsabola, nayang'ana nthochi.

"Chirambo ndine," anatero. "Za kunyumba kwanga si za lero. Lero tikuika mnansi wathu. Dzukani, mukutchinga njira."

Anabwerera pamalo pake, natsegula Baibulo pomwe panali chala, napitiriza vesi lomwe Tsabola analidula pakati.

Ndinati tithawe wapansi, galimoto tidzatumiza anthu. Rodney anapukusa mutu. Anapita kukakhala kumapeto kwa benchi la abambo, ndipo amene anali pafupi anasendera kutali pang'ono. Ine ndinalibe kolowera koma kwa amayi. Ndinavula nsapato n'kukhala pansi kumapeto, pafupi ndi mayi wina wathupi amene ankapukuta magalasi ake ndi nsonga ya chitenje. Fumbi linali mpaka m'nsidze.

"Pepani, amayi," ndinanong'ona. "Bulauziyo mundipatse ndikachape ndekha."

"Mukachapa angati?" Anavala magalasi nandiyang'ana. "Ndinu azakhali a Rodney? Ine ndine NyaHarawa, mayi wake wa Dyna. Nkhuku yanu ndinapha dzulo, uthenga wa maliro usanafike."

Ndinayang'ana pansi. Panadutsa nyerere, ndinaisirira poti ili ndi una. Amayi atayamba nyimbo ndinayesa kuthandiza, koma inali ya Chitumbuka, ndinangotsegula ndi kutseka pakamwa ngati chambo cha pa mbale.

Nthawi yopita kumanda ku Area 18 itakwana, amfumu a m'deralo anaima kupempha onse obwera ndi magalimoto kuti athandize kunyamula anthu. Ndi mmene zimakhalira m'tauni muno: galimoto ndi yako masiku onse kupatula tsiku la maliro. Wa pikapu anatenga amayi oimba, wa minibasi anatenga anamfedwa, lole ija inatsitsa nkhuni n'kutenga abambo. Panatsala agogo angapo osatha kukwera lole. Amfumu analoza kungalande.

"Nanga yofiirayo ndi ya yani? Imatenga angati?"

Rodney anaimirira. "Mmodzi, amfumu."

"Mmodzi?"

"Mmodzi. Komanso mpaka mukankhe."

Palibe anaseka, ndipo kusasekako kunawawa kuposa kuseka. Agogo aja anabwerera kukakhala pamkeka. Manda a mnzawo sanawaone. A Chirambo anangoti, "Isiyeni ipume, yagwira ntchito yokwanira lero."

Rodney anavula jekete nandipatsira, nakwera lole pamodzi ndi adzukulu okwirira manda. Za kumandako sindinazione ndi maso. Ndinatsala ndikutsuka mbale ndi miphika, ndipo ndinatsuka ngati ndagamulidwa mlandu. Wina akafunsa kuti mayi awa ndi a kuti, mnzake ankayankha chapansipansi kuti ndi aja a m'galimoto. Anthu atabwerako ndinamuona Rodney akutsika lole, thalauza lili katondo mpaka m'mawondo, m'manja muli matuza. Akuti analanda fosholo kwa mdzukulu wina, nakana kubweza mpaka mtumbira utakwera.

Dzuwa litapendeka anthu anayamba kubalalika. Ife tinaima pafupi ndi Tsabola ngati ana oswa mbale. A Chirambo anabwera, a NyaHarawa ali pambuyo pawo, Dyna chapatali.

"Munaigula liti?" anafunsa a Chirambo.

"Mwezi watha, bambo."

"Chifukwa?"

"Ndimafuna mundione ngati munthu."

"Ndakuonani kawiri lero. Wa pageti uja sindingamusungitse ngakhale mbuzi. Wa kumanda uja ndingakhale naye pansi." Anagogoda denga la Tsabola ndi chala. "Kwathu mkamwini sakwatira mkazi yekha. Mwana wangayu ali ndi mayi, ali ndi alongo, ali ndi agogo ku Rumphi odwala miyendo. Inu muli ndi azakhali awa anakulerani. Mwagula mipando iwiri. Enafe tidzakhala pati?"

Ndinafuna kunena kuti padenga malo alipo. Ndinaluma lilime. Pa zonse ndinam'chitira Rodney chibadwire, ndikuona kuti kuluma kumeneko ndiye kunamuthandiza kwambiri.

"Ndamva, bambo," anatero Rodney.

"Loweruka likudzali mubwere. Pa minibasi. Mudzatipeza. Koma ichi musachilize muno, anamfedwa akadali m'nyumba. Mukachilizire ku tala."

Ku tala kunali kamtunda, chokwera. Rodney anati ine ndikhale pa chiwongolero, iye akankhe. Ine amene sindinayendetsepo ngakhale wilibala. Ndinamira m'beseni la dalaivala, duku lokha likuoneka. Rodney anakankha, Tsabola osasuntha. Anakankhanso, matuza akuphulika. Ndiye ndinamva mawu a a Chirambo kumbuyo.

"Dyna, kawathandize alendo ako katundu wawoyo."

Alendo ako. Ndinaona pagalasi mtsikanayo akumanga chitenje, nadzaika manja pafupi ndi manja a Rodney. Tsabola anasuntha. Kenako Dyna anati, mokweza kuti nanenso ndimve, "Munthu akakufulasha m'mawa wonse, umabwereka foni n'kuimba."

"Ndimayesa ukuti tifulumire."

"Kankha."

Tinayenda choncho msewu wonse, mwakachetechete ngati mmene tikanadutsira poyamba, anthu ali m'makonde kutionerera, ine ndikulimbana ndi chiwongolero kuti tisakathere m'ngalande. Dengu a NyaHarawa anatenga. Anati nthochi zilibe mlandu.

Loweruka linalo tinapita pa minibasi, titapanikizana ndi matumba a makala, ine nditanyamula katoni ya sopo wa amayi a Umanyano. A Chirambo anam'funsa Rodney za tchalitchi, za ntchito, za makolo ake. Za galimoto sanatchule n'komwe. Athenga anatumidwa mvula isanagwe. Tsabola anakhala pakhomo panga osapeza womugula, mpaka Kasimu atabwerako ku ukwati uja anamusinthitsa ndi kapikapu kokalamba konunkha fodya, kosathamanga ngakhale potsetsereka. Lero ku Kawale kukagwa maliro anthu amagogoda kwa Rodney asanagogode kwa amfumu. Iye amayamba kudandaula za mafuta, Dyna n'kumuponyera makiyi.

Mabel mpaka pano amafunsa kuti galimoto ya pa ndege ija inapita kuti. Ndimamuuza kuti inabwerera kwawo, nyengo ya kuno sinaiyanje. Koma ku Area 25 pakamwa panga pamauma. Ndikapita kukaona asewere anga, ndimatsika minibasi pa siteji ya kutsogolo n'kuzungulira njira ya kuseri kwa chigayo kuti ndisadutse pa chitunda chija. A NyaHarawa amadziwa. Ndikafika amandiyalira mkeka, amandipatsa madzi, kenako amafunsa mwaulemu wonse ngati ndabwera wapansi kapena andinyamula.